Nthenda ya Burkitt ndi Anthu Amene Anasunga Cipatala Cace

M'caka ca 1957, pa cipatala ca Mulago mu mzinda wa Kampala ku Uganda, anabwera naye mwana wamwamuna wotupa nsagwada mbali zonse ziwiri. Dotolo wa opaleshoni, Denis Burkitt, mbadwa ya ku Ireland, anamuyang'ana nasowa conena. Patapita masabata owerengeka anaonanso mwana wina wotupa cimodzimodzi. Pamenepo anayamba kufunafuna m'mabuku akale a cipatala, ndipo m'caka ca 1958 analemba za ana 38 amene anagwidwa ndi nthendayi. Iyi ndi khansa, ndipo lero icedwa ndi dzina lace. Imakula msanga koposa: cotupa cikhoza kuwirikiza msinkhu wace pa masiku awiri okha, ndipo masiku aja mwana wogwidwa nayo anali kufa pa miyezi yowerengeka.

Burkitt anafuna kudziwa kumene nthendayi ikhala. Anatumiza zithunzi ndi mafunso ku zipatala za boma ndi za mishoni m'Afrika muno. Ndipo m'caka ca 1961 ananyamuka ndi anzace awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, pa galimoto yakale ya Ford. Anayenda mamailosi 10,000 pa masabata 10, naceza m'zipatala zoposa 50, napyola dziko lino, limene panthawiyo linali Northern Rhodesia, ndi Nyasaland, kufikira ku South Africa. Paliponse anali kuonetsa zithunzi nafunsa ngati ana otere amaoneka kumeneko.

Zimene anapeza zinazizwitsa anthu. Nthendayi inali yoculuka ku malo otsika, otentha ndi amvula, monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma ku mapiri ozizira inali yosowa. Malo amenewo ndiwo a udzudzu, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti malungo ogwira mwana kawiri-kawiri ndiwo amalambulira nthendayi njira. Ku London, Anthony Epstein, amene anamva Burkitt alikulankhula m'caka ca 1961, anapempha kuti azimtumizira zidutswa za zotupazo pa ndege. M'caka ca 1964, iye pamodzi ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kacirombo, koyamba kudziwika kuti kakhoza kudzetsa khansa mwa munthu.

Cina cinakondweretsa makolo koposa. Mankhwala monga methotrexate ndi cyclophosphamide anali kuphwetsa cotupaco pa masiku owerengeka, ndipo ana ena anaciriratu. Motero m'caka ca 1967 anatsegula ku Kampala nyumba yace-yace ya nthendayi, mogwirizana pakati pa sukulu ya Makerere ndi National Cancer Institute ya ku Amereka, ndipo mtsogoleri wace woyamba anali John Ziegler. Nyumba imeneyo ndiyo inakula nikhala Uganda Cancer Institute.

Koma kutsegula cipatala ndi kwina, kucisunga ndi kwinanso. Idi Amin analanda boma m'caka ca 1971, ndipo posacedwa madotolo acilendo anacoka. Mtolo wonse unagwera Charles Olweny, dotolo wa ku Uganda komweko, wa zaka zongopitirira 30. Anzace ambiri ophunzira anathawa, ena anaphedwa, ndalama ndi mankhwala zinacepa. Iye anakhala, natsogolera cipatalaco zaka ngati 10. Nchito ya mtsogoleri wotere siioneka ngati ya wotulukira nthenda. Ndiyo kuona kuti mankhwala alipo tsiku limene mwana ayenera kulandira, kuti anamwino aphunzitsidwa, kuti dzina la mwana ali yense lalembedwa, ndi kuti wina apita kukamfuna kumudzi ngati sanabwerenso. Pakuti mwana amene cotupa cace caphwa aoneka ngati wacira, ndipo makolo osauka amabwerera naye kumunda mankhwala asanathe. Pamenepo nthenda imadzukanso. Cifukwa ca kulondola ana m'midzi kotereku, madotolo a ku Kampala anatha kusonyeza dziko lonse kuti ambiri mwa iwo anali amoyo patapita zaka zambiri.

Burkitt anamwalira m'caka ca 1993, koma nchitoyo siinathe. M'caka ca 2018 bungwe la World Health Organization linanena kuti ku maiko olemera ana oposa 80 mwa 100 odwala khansa amacira, pamene ku maiko ambiri osauka ndi ocepa kweni-kweni, ndipo linaika colinga cakuti pofika 2030 acire 60 mwa 100. Kuno kwathu, cipatala ca khansa ca ku Lusaka cinatsegulidwa m'caka ca 2007.

Tsono inu a ku migodi ndi a m'makomboni, mukaona mwana watupa nsagwada kapena mimba, ndipo cotupaco cirikukula tsiku ndi tsiku, musacedwe poyesa kuti ndi dzino. Pitani naye ku cipatala, ndipo akayamba mankhwala, atsirize onse.