Kuchoka m'madilowa a Luhmann kufika pa Obsidian: mbiri ya timapulogalamu tosanja manotsi

Niklas Luhmann, katswiri wa ku Germany wa maphunziro a kakhalidwe ka anthu, atamwalira mu 1998 anasiya makhadi a manotsi pafupifupi 90,000 m'madilowa a matabwa. Khadi lililonse linali ndi nambala yake, ndipo ankalembaponso manambala a makhadi ena okamba nkhani yogwirizana nayo. Akatenga khadi limodzi, linkamulozera kwa anzake. Makhadiwo ali ku Yunivesite ya Bielefeld, komwe ankaphunzitsa.

Luhmann ankalimbana ndi vuto lomwe aliyense wolemba manotsi amalidziwa: kulemba sikuvuta, koma kudzapeza zimene unalemba pakatha zaka zitatu.

Makompyuta atabwera anatengera kasungidwe ka mu ofesi. Makina a Xerox Star a mu 1981 ndi Macintosh ya mu 1984 anaika pa sikirini tizithunzi ta mafoda, ndipo fayilo iliyonse inkakhala mu foda imodzi. Komatu manotsi a msonkhano umodzi angakambe za ngongole, za mbewu ndi za sukulu ya mwana nthawi imodzi. Alowe foda iti? Microsoft OneNote, yomwe inatuluka mu 2003, inagawa manotsi m'mabuku, m'zigawo ndi m'masamba. Evernote itayamba kugwira ntchito pa intaneti mu 2008 inatchukitsa timawu tomata pa manotsi, totchedwa tag, kuti pepala limodzi lizipezeka pa mitu ingapo. Ngakhale zinali choncho, kasanjidwe kankachokera ku kampani, ndipo wogwiritsa ntchito ankangolandira zomwe wapatsidwa.

Njira ina inali itayamba kale mwakachetechete. Mu 2003, Carsten Dominik, katswiri wa zakuthambo wogwira ntchito ku Amsterdam, anadzilembera kapulogalamu kowonjezera pa Emacs, pulogalamu yakale yolembera. Anakatcha Org-mode. Kankamulola kupinda ndi kutambasula mitu ya manotsi, kuisuntha, ndi kusonkhanitsa ntchito zoti achite kuchokera m'mafayilo osiyanasiyana. Anthu anakakonda mpaka kanalowetsedwa mu Emacs momwemo. Chaka chotsatira, John Gruber anatulutsa Markdown, kalembedwe kosavuta komwe pulogalamu iliyonse yolembera imatha kutsegula.

Zinthu ziwirizi, kudzipangira zowonjezera ndi kalembedwe ka Markdown, zinakumana mu 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba. Shida Li ndi Erica Xu, omwe anali atapanga kale pulogalamu ya Dynalist, anatulutsa Obsidian. Manotsi ake ndi mafayilo wamba a Markdown, osungidwa mu foda ya pa kompyuta ya mwini wake, ndipo amatseguka ngakhale popanda intaneti. Manotsiwo amalozerana ndi malinki, monga ankachitira makhadi a Luhmann. Koma mbali yoonetsa mafayilo inali yosakometsedwa: mndandanda wa mafoda ndi mayina basi. Munthu wa manotsi 50 sankadandaula, koma wa manotsi masauzande ankatopa kutsika ndi kukwera.

Chaka chomwecho chisanathe, eni pulogalamuyi anatsegula khomo kuti aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu apange zowonjezera zake, zomwe zimatchedwa plugin. Lero zapitirira 2,000, ndipo zambiri mwa zotchuka zinabadwa chifukwa wina anatopa kusakasaka fayilo.

Liam Cain anapanga Calendar, yomwe imaika kalendala m'mbali mwa sikirini kuti munthu akadina tsiku, manotsi a tsikulo atseguke. Tony Grosinger anapanga Recent Files, mndandanda wa mafayilo omwe angotsegulidwa kumene. Tag Wrangler ya PJ Eby inathetsa mutu wina waukulu: ngati munthu wamata tag yolakwika pa manotsi 300, amaisintha kamodzi kokha, kapena kuiphatikiza ndi ina, osatsegula fayilo imodziimodzi. Omnisearch ya Simon Cambier imasaka mawu ngakhale wosakayo ataphonya chilembo, ndipo imaika patsogolo manotsi oyenerera kwambiri.

Yomwe inasintha kaganizidwe ka anthu ambiri ndi Dataview ya Michael Brenan. M'malo moti munthu asankhe foda, amalemba pamwamba pa manotsi mfundo zochepa, monga tsiku, wolemba buku, kapena ngati ntchito yatha. Kenako amalemba funso la mizere iwiri kapena itatu, ndipo Dataview imamukonzera tebulo la manotsi onse oyankha funsolo, kulikonse komwe ali. Wophunzira angathe kuona mabuku onse omwe sanamalize kuwerenga. Mtolankhani angathe kuona nkhani zonse zomwe akudikira yankho. Tebulolo limadzisintha lokha manotsi akasintha.

Ena ankangofuna maonekedwe omwe anazolowera. File Tree Alternative ya Ozan Tellioglu imalekanitsa mafoda ndi mafayilo, chigawo china mafoda, china zomwe zili m'katimo, monga zinkaonekera mu Evernote. Anthu ofuna zimenezi anachuluka kampani ya ku Milan ya Bending Spoons itagula Evernote, makamaka mu Disembala 2023 pomwe ogwiritsa ntchito mwaulere anauzidwa kuti malire awo ndi manotsi 50 ndi buku limodzi. Ambiri anasamukira ku Obsidian, ena ku Joplin ya Laurent Cozic, yomwenso ili ndi zowonjezera zake. Mu 2025 kunabweranso Notebook Navigator, yomwe imaonetsa mutu, tsiku ndi mizere yoyamba ya manotsi munthu asanatsegule.

Zomwe zinachitikira Org-mode zinachitikanso pano. Liam Cain anadzalowa ntchito ku Obsidian komweko. Mu 2023 pulogalamuyi inawonjezera Bookmarks, yosungira pafupi mafayilo, mafoda ndi mitu yofunika, komanso Properties, yolembera mfundo za pamwamba zija mosavuta. Mu 2025 inatulutsa Bases, yomwe imapanga matebulo ofanana ndi a Dataview popanda kulemba funso lililonse. Zomwe anthu anadzipangira atasowa pogwira zinakhala mbali ya pulogalamu yeniyeniyo.

Chisangalalochi chili ndi msampha wake. Zowonjezera zambiri zimalembedwa ndi munthu mmodzi, madzulo akaweruka, popanda malipiro. Akatanganidwa, kapulogalamuko kamasiyidwa ndipo tsiku lina kamaleka kugwira ntchito. Komanso plugin imatha kuwerenga ndi kusintha mafayilo a munthu, n'chifukwa chake Obsidian imabwera zowonjezera za anthu ena zili zozimitsa, mpaka wogwiritsa ntchito atavomera yekha kuziyatsa. Matebulo a Dataview nawonso saoneka manotsi akatsegulidwa m'pulogalamu ina. Chomwe chimaoneka ndi funso lokha lija.

Steph Ango, yemwe anakhala mkulu wa Obsidian mu 2023, wakhala akunena kuti mafayilo ayenera kukhalitsa kuposa pulogalamu yomwe inawalemba. Mfundo yomweyo ndi yothandiza posankha zowonjezera. Amene akufuna kuyamba ayatse ziwiri kapena zitatu zokha zomwe zikuthetsa vuto lomwe ali nalo lero, aone kuti amene anazipanga anazikonza liti komaliza, ndipo asunge kope la foda yake ya manotsi pa chipangizo china asanayese chatsopano chilichonse.