Moto wa pa Dzaleka uli ndi eni ake angati?

Sabata ino tiyeni tikwere ku Dowa. Mukasiya msewu wa M1 pa Dowa Turn-off n'kulunjika ku boma, muona Dzaleka, nyumba za zidina zothithikana pamtunda wa mphepo yozizira. Funso langa ndi laling'ono: mayi amene akuphika nyemba pamenepo, akafuna mbaula yosadya nkhuni zambiri kapena kasola kounikira m'nyumba, agogode khomo liti?

Mbiri ya malowa mukuidziwa, mwina theka. Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya anthu oganiziridwa kuti akuukira boma, ndipo m'zaka za m'ma 1970 a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwa momwemo. Dzinalo akuti linachokera pa kulira kwa wolangidwa, kuti ndidzaleka. Mu 1994, chaka chomwe tinasankha boma la zipani zambiri, boma ndi bungwe la UNHCR anasandutsa ndende ija kukhala kampu ya othawa nkhondo. Anayamba ndi a ku Rwanda ndi Burundi, kenako a ku Congo anadzachuluka. Malo okonzera anthu 10,000 kapena 12,000 lero akusunga oposa 50,000.

Nkhani ya moto ikuyambira m'malamulo. Pamene dziko lino linkavomereza pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo, mu 1987, linakana mfundo zingapo, kuphatikizapo ufulu wokhala kulikonse ndi wolembedwa ntchito. Lamulo lathu la 1989 silinasinthe zimenezo. Ndiye munthu wa pa Dzaleka alibe munda wodzalamo mitengo, alibenso nkhalango ya mudzi. Nkhuni ndi makala amagula basi. Ogulitsa ndi ife tomwe, anthu a m'midzi yozungulira, matumba atasanjikizana pa njinga. Mapiri a Dowa akayera timaloza chala alendo, n'kuiwala amene anagwetsa mtengo. Zoterezi tinazionapo ku Dedza, Ntcheu ndi Nsanje pamene anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira kuno, koma eti sitinatolepo phunziro.

Tsopano werengani eni ake a moto umodziwu. Kampu ili m'manja mwa nthambi yoona za othawa kwawo, pansi pa unduna wa za chitetezo cha m'dziko, mothandizana ndi UNHCR. Thandizo la chakudya limachokera ku WFP, koma chophikira chakudyacho si ntchito yawo. Mtengo ndi wa a zankhalango, amene lamulo lawo la 1997, lomwe analikhwimitsa mu 2020, limati kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu. Waya wa magetsi ndi wa ESCOM, pomwe kuufikitsa kumidzi ndi kwa MAREP ya unduna wa zamphamvu. Mukangotuluka m'kampu mwalowa m'dera la mafumu ndi la khonsolo ya Dowa, yomwe lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaipatsa udindo wokonza chitukuko. Aliyense ali ndi chidindo chake, galimoto yake, msonkhano wake ku hotela. Mayi uja palibe amene ali wake.

Musandimve ngati ndikunena kuti Amalawi sitingagwirizane, ayi. Mu 2013, nthawi ya Joyce Banda, boma linalonjeza mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020. Panakhazikitsidwa komiti imodzi yokhalamo unduna, mabungwe, opereka thandizo ndi amalonda, ndipo magulu a amayi kumidzi anaumba chitetezo mbaula ndi dongo lakwawo. Chiwerengerocho chinakwana mu 2020. Kungoti chitetezo ndi mbaula ya nkhuni, pomwe m'nyumba zothinana za pa Dzaleka ambiri amadalira makala. Ndipo amene munadyako chigwada chophika Akongo, chomwe iwo amati sombe, mukudziwa kuti mphika umenewo suchoka pamoto msanga.

Kunja anzathu vuto la makomo ambiri analipezera njira. Ku France, kuyambira mu 2022, kuli France Rénov': boma lalikulu ndi makhonsolo amasonkherana kuti mwini nyumba wofuna kuchepetsa mphamvu yotenthetsera nyumba yake apeze uphungu ndi njira yofunsira ndalama pa ofesi imodzi. Iwo vuto lawo ndi chisanu, ife ndi mphika, koma nzeru yake si yachilendo kuno. Si paja tinatsegula malo a Mlambe m'mapositi ofesi ena, kuti za pasipoti, za msonkho ndi za galimoto munthu azithere pamodzi? Ngati zinatheka ndi pasipoti, n'chiyani chikuletsa tebulo limodzi pa Dzaleka, la othawa kwawo ndi a m'midzi omwe, pokhala wa khonsolo, wa zankhalango ndi wa zamphamvu?

Pangano la mayiko la mu 2018 lokhudza othawa kwawo limanena zomwezi, kuti alendo ndi eni dera azithandizidwa pamodzi. Chomwe chinachitika kwathu kuno ndi china. Mu May 2023 apolisi ndi asilikali anayamba kusaka othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera ku Dzaleka, ndipo chaka chomwecho WFP inadula thandizo kufika theka chifukwa ndalama zinachepa. Banja lililonse lomwe linatsitsidwa m'lole linafika ndi miphika yake. Lachiwiri lililonse pamakhala msika waukulu umene iwo amautcha Mardi Marché. Mukadzapita, imani m'mbali mwa msewu m'mawa, muwerenge njinga za makala zomwe zikulowa.