Mathithi

Mathithi ndi malo amene madzi a mtsinje amagwa kuchokera pathanthwe, kapena kuthamanga mwaphokoso pakati pa miyala. Mawuwa amayamba ndi "ma-" ngakhale malowo akhale amodzi: timati mathithi aakulu, mathithi awa.

Mwana wa kudera la Kanyama angalephere kuwamvetsa. Kumeneko dziko n'lathyathyathya, ndipo madzi a dzinja amangodikha m'misewu. Zimenezo ndi zithaphwi. Mathithi amafuna chitunda. Kuphiri la Zomba, ku Malawi, njira yoyenda wapansi imatsata mtsinje wa Mulunguzi, n'kudutsa pa mathithi a Mandala ndi a Williams, kenako n'kukwera ku Emperor's View, kumene munthu amaona chigwa mpaka kunyanja ya Chilwa, asanazungulire kubwerera kumene anayambira.