Kusiya kusamba

Mawu akuti “kusiya kusamba” sakhudza madzi ndi sopo. Kusamba kwake ndi msambo, ndipo achipatala amati mayi wasiya akatha miyezi 12 osauona, kawirikawiri ali ndi zaka 45 mpaka 55. Thupi limatentha mwadzidzidzi, usiku thukuta kamukamu, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje n'kosavuta kungoti ndi dzuwa la Okutobala. Ofufuza anapeza kuti mahomoni a estrogen akachepa pa nthawiyi, mafupanso amafooka.

Koma kusiya n'kusiya. Magazi akabweranso si msambo ayi. Mwina ndi likodzo, mwinanso khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ikupha amayi ambiri m'Malawi muno. Amayi, musachite manyazi, pitani mukayezetse kuchipatala.