MAINA A AKAPOLO M'MABUKU A BWALO LA MIRANDU

Dziko la United States of America ligawika m'zigawo zazikuru 50, ndipo zigawozo zigawikanso m'madera ang'ono oposa 3,000. Dera lotere lichedwa county. County ifanana ndi boma la m'Zambia, pakuti iri ndi mudzi wace waukuru, ndipo pakati pa mudziwo pali nyumba ya mirandu. M'zigawo zambiri nyumba imeneyo ndiyo isunga makalata a minda, makalata a cuma ca masiye, mabuku a maukwati ndi mapepala a mirandu, ndipo kalaliki wa bwalo ndiye mlonda wa zonsezi. Mabuku amenewa sanalembedwe cifukwa ca kukonda akapolo, komatu lero zidzukulu za akapolo zipeza maina a makolo ao m'menemo.

Pamene ukapolo unatha m'caka ca 1865, anthu akuda pafupifupi 4,000,000 anali atamasulidwa. Boma lalikuru la dzikolo liwerenga anthu ace zaka khumi ziri zonse, koma pa kalembera wa 1850 ndi wa 1860 akapolo analembedwa pa mapepala apadera. Mlembi analemba dzina la mbuye, ndipo pansi pace anaika zaka za kapolo, maonekedwe a khungu lace, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Dzina la kapoloyo analisiya. Kalembera wa 1870 ndiye woyamba kuchula onse ndi maina ao. Cifukwa cace munthu wolondola mbiri ya banja lace ayenda bwino kufikira 1870, ndipo pamenepo njira imthera. Kuti apitirire, ayenera kusiya mabuku a Boma lalikuru ndi kupita ku county imene makolo ace anakhalamo.

Lamulo la masiku aja linayesa kapolo cuma, monga ng'ombe kapena ngolo. Mwini akapolo akamwalira, bwalo la county linatuma anthu kukawerenga cuma cace conse ndi kuikapo mitengo. Pa mndandanda womwewo pamene analemba akavalo, makasu ndi mipando, analembanso akapolo, yense ndi dzina lace loyamba ndi mtengo wace m'madola. Nthawi zina mkazi analembedwa pamodzi ndi ana ace. Munthu akagulitsa kapolo, akampereka kwa mwana wace monga mphatso, kapena akamuika cikole ca ngongole, kawiri kawiri kalata yace inalembedwanso m'buku lomwelo la makalata a minda. Alembi anafuna kuchinjiriza cuma ca ambuye, koma pocita ici anasunga maina amene kalembera anawataya. Ukapolo utatha, mu 1866, ku zigawo za Virginia ndi North Carolina kunalamulidwa kuti amene anali akapolo ndi kukhala pamodzi monga mwamuna ndi mkazi alembedwe, kuti maukwati ao adziwike pa lamulo. Ambiri a mabuku amenewo anasungidwa ku nyumba za mirandu za county.

Mlandu wa Dred Scott

Akapolo ena analowa m'mabuku a bwalo ndi miyendo yao, monga odandaula. Pa 6 April, 1846, Dred Scott ndi mkazi wace Harriet anapereka madandaulo ao ku bwalo la mirandu la St. Louis, m'cigawo ca Missouri. Mbuye wao, John Emerson, amene anali sing'anga wa asilikali, anakhala ndi Dred ku Illinois ndi ku Fort Snelling, malo amene lamulo linaletsa ukapolo. Kale mu 1824, pa mlandu wa mkazi dzina lace Winny, bwalo lalikuru la Missouri linagamula kuti kapolo amene mbuye wace anakakhala naye ku dziko la mfulu akhala mfulu masiku ace onse. Pa cigamulo cimeneco Dred ndi Harriet anatsamira, nasumira Irene Emerson, mkazi wamasiye wa mbuye wao. Popeza sanadziwe kulemba, pa malo a maina ao anaika cizindikiro ca X.

Mlanduwo unatha zaka 11. Mu 1850 bwalo la St. Louis linawamasula, mu 1852 bwalo lalikuru la Missouri linagwetsa cigamuloco, ndipo pa 6 March, 1857, Bwalo Lalikuru la dziko lonse, mwa mau a woweruza wamkuru Roger Taney, linati munthu wakuda sakhoza kukhala nzika ya United States. Mu May caka comweco Taylor Blow, wa banja limene linali ndi Dred poyamba, anawamasula onse ku bwalo lomwelo la St. Louis. Dred anakhala mfulu caka cimodzi ndi miyezi yowerengeka, namwalira mu September 1858.

Dzina la Dred Scott linachuka, koma anzace anaiwalika. Mapepala a mirandu yao anagona opindidwa m'mabokosi a bwalo zaka zoposa 100. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 anchito a Missouri State Archives, pothandizana ndi ofesi ya kalaliki, anawafunyulula, nawapukuta pfumbi, nawalemba m'ndandanda. Anapeza mirandu pafupifupi 300 ya akapolo opempha ufulu, kuyambira 1814 kufikira 1860, ndipo opambana sanafike theka. Popeza lamulo linati mwana atsata mai wace pa ukapolo kapena pa ufulu, mboni zinafotokoza za amai ndi agogo a odandaula, kumene anabadwira ndi kumene anagulitsidwa. Motero pepala limodzi la mlandu likhoza kuonetsa mibadwo iwiri kapena itatu ya banja limodzi.

Mafunidwe a Makalata

Wofuna kalata ku nyumba ya mirandu ayenera kudziwa zinthu zitatu. Coyamba ndi county ndi caka. Malire a madera amenewa anasinthika nthawi zambiri. County yaikuru ikagawika, mapepala akale anatsala ku county yakale. Mudzi wa St. Louis unapatukana ndi county yace mu 1876, ndipo mapepala a mirandu yakale anatsala m'mudzimo. Munthu wosadziwa ici angafune pa malo olakwa, nabwerera manja ali m'khosi.

Caciwiri ndi dzina la mbuye, pakuti mapepala a cuma ca masiye aikidwa pa dzina la womwalirayo, si pa dzina la kapolo ai. Apa buku liyenera kuthandizidwa ndi pakamwa. Nkhalamba ya pa banja ikakumbukira dzina la munda kapena la Mzungu amene agogo anamgwirira nchito, yapereka mfungulo. Mau a akuru akoma akagonera.

Cacitatu ndi kawerengedwe ka mabuku a maina. Makalata a minda analembedwa m'mabuku akuru motsata masiku amene anafika kwa kalaliki, osati motsata maina. Cifukwa cace pali mabuku ena awiri olozera: lina la maina a ogulitsa, lina la maina a ogula. Pa dzina liri lonse pali nambala ya buku ndi ya tsamba. Wofuna kudziwa eni munda akale ayamba ndi mwini wa lero m'buku la ogula, naona amene anamgulitsa. Tsono afuna dzina la wogulitsayo m'buku la ogula la zaka za m'mbuyo, nacita comweco kufikira atafika kwa mwini woyamba. Mabukuwa ndi a anthu onse. Munthu ali yense aloledwa kuwawerenga pa nthawi ya nchito, ndipo alipira pang'ono akafuna cithunzi ca tsamba. Mirandu ina, monga ya ana ang'ono, itsekeredwa ndi lamulo. Mabuku ena akale anasamutsidwira ku nyumba zosungira mbiri za zigawo, ndipo zithunzi za ambiri ziri pa intaneti, makamaka pa FamilySearch.

Moto ndi Kusalemba

Si mabuku onse anapulumuka. Pa nkhondo ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ma county ena a Virginia, monga Hanover ndi James City, anatumiza mabuku ao ku Richmond kuti akasungike bwino, ndipo anapsa komweko pa moto wa mu April 1865. Mapepala ambiri a kalembera wa 1890 anaonongeka cifukwa ca moto wa ku Washington mu 1921.

Koma kusalemba kunaononga koposa moto. Pofika 1910 alimi akuda anali ndi minda yaoyao yoposa maekala 15,000,000, yogulidwa ndi thukuta. Ambiri anamwalira osasiya kalata ya masiye, ndipo munda unakhala wa ana ndi zidzukulu onse pamodzi, pamene m'buku la county munali dzina la gogo yekha. Lamulo linalola kuti mwini gawo mmodzi apemphe bwalo kugulitsa munda wonse. Anthu ocenjera anagula gawo la mdzukulu mmodzi wokhala kutali, napita ku bwalo, ndipo munda unagulitsidwa pa mtengo wocepa, banja lonse niliturutsidwa. Mu 2010 akatswiri a malamulo anakonza lamulo lopatsa abale mwai wa kuyamba kugula gawo lotere, ndipo zigawo zambiri zalilandira. Koma minda yambiri inali itapita kale.

Mbiri imeneyi iri ndi mau kwa mphunzitsi wa kumudzi. Ku Lusaka, m'nyumba ya National Archives of Zambia, muli mabuku amene mabwana a maboma analembamo za mafumu, midzi ndi misonkho, ndipo ofufuza mbiri awawerenga kufikira lero. Koma ana ambiri a kumidzi abadwa popanda kalata ya kubadwa, ndipo kwa ena a iwo buku lolandirira ana pa sukulu ndi buku la ubatizo la ku mishoni ndiwo malo okha amene dzina la mwana lilembedwa pamodzi ndi maina a makolo ace ndi mudzi wace. Kalaliki wa ku St. Louis polandira pepala la Dred Scott sanadziwe amene adzaliwerenga. Mphunzitsinso sadziwa. Cifukwa cace ayenera kulemba maina onse, ndi caka, ndi dzanja looneka bwino, ndi kuika bukulo pamene ciswe, makoswe ndi denga lodontha sizifika.