Injini ya boti ikakhuta petulo: zizindikiro, chochita ndi gwero lake

Injini yakale ya boti ikakana kulira, ambiri amaganiza kuti petulo sakufika, ndiye amakoka choki n'kupopa wina. Koma nthawi zambiri petulo amakhala wachita kuchuluka, vuto limene amakaniko amati flooding. Limavuta kwambiri injini za two-stroke, zosakaniza oyilo ndi petulo, ngati zimene asodzi ambiri amagwiritsa ntchito pa nyanja ya Malawi. Petulo akaposa mpweya, pulagi imanyowa ndipo moto suthetheka. Ngati munagulira abale kumudzi injini yotere, auzeni izi, chifukwa injini yokana pakati pa nyanja mwera ukuyamba ingathe kutayitsa moyo.

Zizindikiro

Fungo la petulo limamveka kwambiri, pamadzi pamayandama mafuta, ndipo nthawi zina petulo amadontha pakamwa pa kabuleta. Mukamasula pulagi mumaipeza yonyowa. Ikakhala youma, vuto ndi lina: petulo sakufikadi.

Chochita pomwepo

Lekani kupopa, ndipo wosuta azimitse fodya. Ikani giya pa neutral, bwezani choki, chotsani paipi yochokera ku thanki, tsekulani throttle mpaka pamene ikulola, kenako kokani chingwe kangapo. Mpweya wolowawo umatulutsa petulo wochulukayo. Ikalira, chepetsani moto msanga n'kubwezera paipi.

Ikakanabe, masulani mapulagi, apukuteni ndi kansalu kouma. Chotsani kachingwe kozimitsira injini kuti moto usathetheke, kokani chingwe kangapo mapulagi ali kunja, dikirani mphindi 10, mubwezere zonse. Musalize injini kunja kwa madzi, chifukwa impeller, kalabala kopopa madzi oziziritsa injini, imapsa msanga.

Gwero la vutoli

Choyamba ndi choki. Ntchito yake ndi kuthandiza injini yozizira, yotentha siifuna choki.

Chachiwiri chili m'kabuleta. Muli kachidebe ka petulo ndi float yomwe imayandama n'kukankha kasingano kotseka petulo kachidebeko kakadzaza. Kasinganoko kakatha, kakagwidwa ndi litsiro, kapena float ikaboola n'kumira, petulo amasefukira. Finyani kampira kopopera petulo ka pa paipi. Kayenera kuuma mukafinya kangapo. Kakapanda kuuma, petulo n'kumatuluka pa kabuleta, kasingano sikakutseka.

Chachitatu ndi pampu ya petulo. Kalabala kopyapyala ka m'kati mwake kakang'ambika, petulo amalowa m'injini osadzera ku kabuleta. Kabuleta imakhala youma kunja koma pulagi n'kumanyowabe.

Chachinayi ndi thanki. Ikakhala padzuwa kabowo kopumira ka pachitseko kali kotseka, mpweya wotentha umakankhira petulo ku injini. Boti likaima, chotsani paipi, ndipo musanalize tsekulani kabowoko.

Chomaliza ndi moto wofooka. Pulagi yakutha kapena waya wosweka zimasiya petulo osapsa, ndiye injini imaoneka ngati yakhuta pamene kabuleta ili bwino. Zonsezi zikakhala bwino koma injini ikuvutabe, makaniko ayeze compression, chifukwa ma ring otha nawonso amavutitsa poliza.

Kupewa

Injini zambiri za two-stroke zimafuna muyezo wa 50:1, kutanthauza oyilo 20 ml pa lita imodzi ya petulo, kapena 500 ml pa malita 25. Zina zakale kwambiri zimafuna oyilo woposa apa, choncho onani buku la injini yanu. Oyilo wochuluka amadetsa pulagi, wochepa amapha injini. Sefani petulo pothira m'thanki, ndipo wokhalitsa miyezi musamugwiritse ntchito. M'boti muzikhala mapulagi atsopano okulungidwa m'pulasitiki, sipanala yake, ndi nkhafi.