Za Miono ya Agunditjmara

Ife odziwa biyo ndi mono tiyenera kumva za Agunditjmara, eni nthaka a ku Budj Bim, m'dziko la Australia. Zaka ngati 6,600 zapitazo makolo ao anakumba ngalande m'miyala, nachera mikunga ndi miono yoluka. Azungu atalanda dzikolo, otsala anasonkhanitsidwa pa misyoni ya Lake Condah m'caka ca 1867, ndipo pamenepo, tinena ndi manyazi, luso lija linayamba kufa. Mai wina, Connie Hart, amace anakana kumphunzitsa kuluka. Iye anangoonera mobisa, nasunga mumtima, naphunzitsa ena atakalamba. Lero mlendo wofika kumeneko ayenda m'mbali mwa ngalandezo, eni ace alikumlongosolera, nalawa mkunga wowamba.